Madzi Akathimbiritsa Tebulo, Musathamangire Penti

Pakhomo pathu pali tebulo la mlombwa limene anatisiyira malemu bambo athu. Silokongola ngati za m'masitolo a m'tauni, koma latha zaka zoposa 40 osagwedera mwendo. Ana athu onse anaphunzirira kulemba pamenepo, ndipo alendo a pa Eid amamwera tiyi pomwepo.

Dzinja lapitali tinachoka masiku atatu kupita ku maliro kutsidya kwa mtsinje. Mdzukulu wathu wamkazi, amene ali mu Sitandade 7, anagula usipa kudoko, nautsuka mu beseni lachitsulo. Mvula itayamba anathamangira nalo m'nyumba, n'kulikhazika patebulo lija. Usipa anaphika, koma beseni analiiwala pomwepo lili ndi madzi kunsi kwake. Pobwera ife tinapeza mkombero wakuda bii pakati pa tebulo, ngati wina wajambula ndi khala.

Mayi a kunyumba anakalipa mpaka mwana anagona osadya. Amalume ake anati tigule penti wabulauni tiphimbe basi. Munthu wina wogula mipando yakale anamva, anabwera ndi njinga yake, natchula mtengo umene sungagule ngakhale thumba la fetereza. Anati tebulo latha ntchito. Tinatsala pang'ono kuvomera.

Chimene chinatiletsa ndi mawu a mmisiri wina wachikulire amene amakhoma maboti a matabwa kugombe kwathu. Anayang'ana banga lija, nalikanda ndi chikhadabo, n'kunena kuti, “Shehe, thabwali ndi lamoyo. Chadetsa apa ndi chitsulo, si kuola ayi.” Zimene anatiphunzitsa, pamodzi ndi zimene tayesa tokha pa mipando ndi makabati a anansi kuchokera nthawi imeneyo, ndizo tikufuna tigawane nanu. Ife a m'mbali mwa nyanja madzi timakhala nawo tsiku ndi tsiku: ndowa, maukonde onyowa, denga lodontha, nyanja yosefukira. Nkhaniyi ndi ya khomo lililonse.

Chifukwa chake thabwa lakale siloyenera kutaya

Amene mwapitako kwa kalipentala posachedwa mukudziwa kuti mlombwa ndi mbawa zikusowa, ndipo zikapezeka mtengo wake ndi woboola m'thumba. Mitengo imeneyi imatenga zaka zambirimbiri kuti ikule kufika pochekedwa matabwa. Mu 2022 mayiko atakumana ku Panama pa pangano la CITES, anaika mlombwa ndi mbawa pa mndandanda wa mitengo imene malonda ake otumiza kunja ayenera kulondolozedwa, poopa kuti ingathe. Mipando yambiri ya masiku ano ndi ya paini, malaina kapena bulugamu, ndipo ina ndi ya utuchi wopanikiza ndi guluu, yomata pepala lonyezimira pamwamba. Choncho amene muli ndi tebulo, bedi kapena kabati ya thabwa lenileni lakale, dziwani kuti muli ndi chuma. Mukagulitsa motchipa chifukwa cha banga, simudzagulanso lofanana nalo.

Yambani mwaliona banga

Mabanga a madzi alipo a mitundu iwiri, ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Ambiri timalakwitsa poyambira pomwepa.

Loyamba ndi banga loyera, lotuwa ngati mkaka wothira madzi. Limabwera mukaika kapu ya tiyi wotentha, fulasiki yonyowa kunsi, mbale ya nsima kapena botolo la madzi ozizira patebulo lopaka vanishi. Apa madzi sanafike pathabwa. Chinyezi changokodwa m'kati mwa vanishi kapena polishi. Limeneli ndi losavuta.

Lachiwiri ndi banga lakuda kapena lotuwira kukuda. Apa madzi anadutsa vanishi, kapena vanishi panalibe, n'kulowa m'thabwa. Mitengo yambiri yolimba ili ndi madzi ake achibadwa aja amawawa mu khungwa, amene anzathu ofufuta zikopa amagwiritsa ntchito. Madzi amenewa akakumana ndi chitsulo pali chinyezi, amasanduka akuda ngati inki. Asodzi simufunika kuuzidwa zambiri: onani mizere yakuda imene imatsika pa msomali uliwonse wa boti la matabwa. Beseni la mdzukulu wathu linachita zomwezo. Chitini, mpeni, sikelo, nyale yachitsulo, ngakhale madzi odontha kuchokera pa lata ladzimbiri, zonsezi zimasiya banga lotere.

Pali zinthu zina ziwiri zimene zimafanana ndi banga lakuda koma si zimenezo. China ndi chuku, chija chimamera pa chimanga chosauma bwino. Chuku chimakhala ndi timadontho ndi kaubweya, chimanunkha chinyontho, ndipo mukapukuta chimatsalira pa sanza. China ndi kuola. Tengani nsonga ya mpeni mubaye pang'ono malo akudawo. Pakakhala polimba, thabwa lili bwino. Mpeni ukalowa ngati mu chinangwa chophika, pamenepo paola, ndipo palibe mankhwala a kukhitchini angathandize. Pafunika kalipentala adule aikepo chigamba.

Lamulo limodzi lisanayambe zonse: chilichonse mukufuna kupaka, yambani mwayesa pamalo obisika, monga kunsi kwa tebulo kapena kuseri kwa mwendo. Vanishi ndi wosiyanasiyana, ndipo chimene chathandiza kwa mnansi wanu chikhoza kuononga kwanu.

Banga loyera: simbi, Vaseline ndi phulusa

Banga likakhala la dzulo kapena dzana, pukutani ndi nsalu youma, mulisiye masiku awiri kapena atatu pamalo opita mphepo. Nthawi zambiri, makamaka m'chilimwe, limachoka lokha. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Likakana, tengani simbi yositira. Cholinga n'chakuti kutentha pang'ono kutulutse chinyezi chimene chakodwa mu vanishi. Yalani nsalu ya thonje youma, yoyera, yopanda zolembalemba, yopinda kawiri. Malaya akale a sukulu kapena chidutswa cha shiti chimachita bwino. Nsalu ya nayiloni ayi, imasungunuka n'kumatirira. Simbi ikhale yofunda chabe. Ngati ndi ya makala, dikirani mwatha kusita zovala zonse, makala akuzirala, ndipo pukutani kunsi kwake kuti pasakhale mwaye. Ngati ndi ya magetsi, itsitseni pa moto wochepetsetsa, ndipo mukhuthule madzi onse kuti isatulutse nthunzi, chifukwa nthunziyo ndi madzi omwe tikulimbana nawo. Yendetsani simbi pansaluyo uku mukuwerenga mpaka 10, nyamulani, vundukulani muone. Dikirani pazizire, mubwereze. Kanayi kapena kasanu banga limayamba kuchepa kuchokera m'mphepete.

Ife tinaphunzira ndi kulakwa. Pa kabati ya mlongo wathu tinafulumira, simbi ili yamoto, ndipo nsalu inasiya chidindo cha ulusi wake mu vanishi. Banga linachoka koma tinabala ntchito ina. Musaisiye simbi malo amodzi, ndipo musaiyese pa mipando ya utuchi yomata pepala, chifukwa moto umamatula guluu.

Njira yachiwiri ndi ya mafuta. Pakani Vaseline wambiri ndithu pabangapo madzulo, mugone. M'mawa pukutani ndi sanza yofewa. Mafutawo amalowa m'timing'alu ta vanishi momwe munakhala chinyezi, ndipo kuyera kuja kumazimirira. Pakafunika, bwerezani usiku wachiwiri. Mafuta ophikira amagwiranso ntchito yomweyo, koma muwapukute onse bwinobwino, chifukwa otsalira amachita fungo ndipo amaitana nyerere ndi mphemvu.

Njira yachitatu ndi yopukuta pamwamba penipeni pa vanishi ndi chinthu chokhakhala pang'ono kwambiri. Mankhwala otsukira mano oyera aja, monga Colgate wamba, osati obiriwira oonekera m'kati, amachita zimenezi. Ikani kadontho pa sanza yokulunga ku chala, tikitani mofatsa kwa mphindi imodzi motsata mizere ya thabwa, pukutani ndi sanza yonyowa pang'ono, kenako youma. Amene mulibe, sefani phulusa loyera la nkhuni pa nsalu kuti mchenga ndi timakala zitsale, musakanize supuni yaing'ono imodzi ndi madontho a mafuta ophikira mpaka likhale ngati phala, mutikite chimodzimodzi. Phulusa lisakanizidwe ndi mafuta, osati madzi. Amayi mukudziwa kuti phulusa ndi madzi ndi chidulo, ndipo chidulo chimadya vanishi n'kudetsa thabwa. Soda wophikira therere nayenso muchenjere naye: pa vanishi wathunthu amathandiza, koma akakhudza thabwa losapaka la mtengo wolimba akhoza kulidetsa kuposa poyamba. Mchenga wa kunyanja, ngakhale ndi wosalala bwanji, ndi wotsukira mapoto. Patebulo umasiya mikwingwirima.

Mukatikita, malowo amaoneka ofwifwa kusiyana ndi pozungulira. Musadandaule. Pakani polishi patebulo lonse, kunyezimira kumabwerera.

Banga lakuda: mandimu ndi sandipepa

Apa ndiye pafunika mtima wautali. Popeza banga lili m'thabwa, mankhwala sangafikeko vanishi ali pamwamba. Muyenera kuyamba mwamuchotsa.

Gulani sandipepa ku hadiweya. Kuseri kwake kumakhala nambala: ikakhala yaing'ono ndiye kuti ndi wokhakhala, ikakhala yaikulu ndi wosalala. Pa ntchito iyi nambala 120 ndi 220 zikukwanira. Kulungani sandipepayo pa kathabwa kosalala kuti musakumbe chigwa ndi zala. Palani motsata mizere ya thabwa nthawi zonse, osati mopingasa kapena mozungulira, chifukwa zokanda zopingasa zimadzaonekera zonse mukapaka vanishi. Mmisiri uja anatilangiza kupala pamwamba ponse pa tebulo, osati pabanga pokha, ndipo ananena zoona. Thabwa lakale limasintha mtundu ndi dzuwa ndi zaka. Mukapala malo amodzi mumachotsa banga lakuda n'kupanga chigamba choyera.

Vanishi atachoka, finyani mandimu awiri kapena atatu, musefe njere. Pakani madziwo pabangapo ndi sanza mpaka panyowe, musiye kwa ola limodzi, pukutani ndi madzi oyera pang'ono, mudikire paume. Mandimu amasungunula chitsulo chimene chalowa m'thabwa, monga momwe amachotsera dzimbiri pa mpeni wotumbulira nsomba. Mphamvu yake ndi yochepa, ndiye musayembekezere zodabwitsa tsiku limodzi. Pathu tinabwereza m'mawa ndi madzulo kwa masiku anayi. Tsiku loyamba sitinaone kusintha. Lachiwiri kuda kuja kunayamba kutuwa. Pofika lachinayi panatsala kamthunzi chabe. Pomaliza tinapaka mandimu pamwamba ponse kamodzi kuti mtundu ufanane, kenako tinatsuka ndi sanza yonyowa kawiri.

Musagwiritse ntchito waya wotsukira mapoto uja timati steel wool pathabwa losapaka. Tizidutswa take timatsalira m'thabwa, ndipo chinyezi chikabwera tebulo lonse limachita timadontho takuda. Mwachotsa banga limodzi n'kufesa mazana.

Banga likakhala lakale ndi lozama moti mandimu alephera, pali mankhwala a ufa otchedwa oxalic acid, amene akalipentala ena amagula m'mahadiweya akuluakulu a m'tauni. Amenewa ndiwo amachotsa banga la chitsulo msanga. Koma ndi poizoni. Amasungunulidwa m'madzi ofunda mu chiwiya cha pulasitiki kapena galasi, osati chachitsulo, motsata muyeso wolembedwa pa paketi. Valani magolovesi, tetezani maso, gwirirani ntchito panja, ndipo ana, nkhuku ndi mbuzi zikhale kutali. Thabwa likauma litsukeni ndi madzi oyera katatu musanapale, ndipo popala mangani nsalu pamphuno ndi pakamwa. Madzi otsala musakataye kunyanja kapena pafupi ndi chitsime. Ife tikuona kuti ngati zafika apa, ndi bwino kuitana mmisiri wozolowera.

Ambiri amathamangira Jik. Jik amapha chuku ndipo amayeretsa nsalu, koma banga la chitsulo salichotsa kwenikweni, m'malo mwake amafwifwitsa thabwa lozungulira. Ndipo chonde mverani apa: musasakanize Jik ndi mandimu, viniga kapena mankhwala ena aliwonse. Zikakumana zimatulutsa mpweya woipa umene umapsereza maso ndi mapapo, ndipo m'nyumba yotseka ukhoza kugwetsa munthu. Ngati mwapaka chimodzi, tsukani ndi madzi, thabwa liume, musanayese china.

Thabwa likauma bwino, patatha tsiku limodzi kapena awiri, mudzamva kuti lachita tiubweya chifukwa cha madzi. Lisalazeni ndi sandipepa wa 220, mupukute fumbi lonse. Ngati pamene panali banga payera kuposa pozungulira, phikani tiyi wamasamba wokhathamira wopanda shuga ndi mkaka, azizire, mupake pang'onopang'ono pamalopo mpaka mtundu uyandikire. Tiyiyo asungidwe mu kapu ya pulasitiki kapena yadothi, asakhudzane ndi chitini.

Kubwezera chovala cha thabwa

Thabwa lopala lili ngati munthu wopanda malaya pamvula. Lisakhalitse choncho. Pali njira ziwiri.

Vanishi ndiye amateteza kwambiri tebulo lodyera. Pakani wopyapyala, kawiri kapena katatu, kusiyana ndi kamodzi kokhuthala. Mukapaka koyamba dikirani maola olembedwa pachitini, musalaze pang'ono ndi 220, mupukute, mupakenso. Nthawi yabwino ndi yopanda mvula, kuyambira mwezi wa Meyi mpaka Okutobala. Vanishi wopaka m'dzinja, mpweya uli wonyowa, amachedwa kuuma ndipo nthawi zina amachita mtambo woyera. Koma samalani ndi mwera: tsiku la mphepo mchenga ndi fumbi zimamatirira pa vanishi wamuwisi. Pakirani m'chipinda chosesa, mawindo otsekula mbali yosachokera mphepo, kutali ndi moto. Kunsi kwa tebulo ndi kumapazi a miyendo kupakidwenso, chifukwa chinyezi chimalowera kumene sitiyang'ana.

Njira ina ndi phula la njuchi, limene alimi a njuchi ambiri amangotaya akafinya uchi. Ikani phula gawo limodzi ndi mafuta magawo atatu m'chitini choyera, chitinicho muchikhazike mu poto wa madzi otentha mpaka phula lisungunuke. Musaliike pamoto mwachindunji, limayaka. Mafuta abwino ndi aja oyera odzoza ana akhanda, chifukwa saola. Zikazizira zimakhala ngati Vaseline wolimba. Pakani pang'ono, mudikire theka la ola, mupukute mwamphamvu ndi nsalu yofewa. Phula limapatsa mlombwa mtundu wokongola zedi, koma silitchinga madzi ngati vanishi, ndipo limafuna kubwereza miyezi ingapo iliyonse. Ndi loyenera mabedi, makabati ndi mipando.

Kumbukirani dongosolo lake: vanishi sagwira pamene pali mafuta, Vaseline, phula kapena polishi wa pansi monga Cobra. Ngati mukufuna vanishi, musayambe ndi zimenezi, ndipo ngati zinapakidwa kale, zichotseni ndi thina musanapale. Akulu anati safunsa anadya phula. Ife tikuti safunsa anapaka vanishi pa phula, n'kumadabwa kuti akusendeka ngati khungu la njoka.

Amene mumagwiritsa ntchito mafuta a linseed, sanza zake musaziunjike pakona. Zimatentha zokha mpaka kuyaka. Ziyanikeni panja chotambasula kapena muziviike m'madzi.

Nyanja ikalowa m'nyumba

Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anaononga katundu wosawerengeka m'chigawo cha kum'mwera. Mu 2024 nyanja inadzaza mpaka kulowa m'nyumba za m'mphepete ku Mangochi ndi madera ena, ndipo ku Nkhotakota mtsinje wa Dwangwa unasefukira n'kusamutsa mabanja ambiri. Madzi ataphwa, anthu ambiri anatulutsa mipando yawo n'kuiyanika padzuwa la phwee. Patapita masiku ochepa matabwa anapindika, ena anang'ambika. Chimene madzi anasiya, dzuwa linamaliza.

Thabwa lonyowa limafufuma, ndipo likauma mofulumira kunja m'kati mukadali madzi, limasweka. Nazi zoyenera kuchita. Choyamba tsukani matope ndi madzi oyera ndi sopo, mutavala magolovesi kapena majumbo m'manja, chifukwa madzi osefukira amadutsa m'zimbudzi ndi m'makola. Kenako pukutani ndi madzi othira Jik pang'ono kupha tizilombo ndi chuku, mutsukenso ndi madzi okha. Tulutsani madilowa onse, tsekulani zitseko za kabati. Dilowa ikakana musaikoke ndi mphamvu kapena kuitema ndi chikwanje. Khomolani thabwa lakumbuyo kwa kabati muikankhire kutsogolo, kapena dikirani iume. Khazikani zonse pa njerwa pakhonde kapena pansi pa mtengo wa mango, pamthunzi podutsa mphepo, ndipo muzitembenuza. Kuuma kwenikweni kumatenga milungu, osati masiku. Musapake kalikonse thabwa lisanaume, mungatsekere madzi m'kati.

Miyendo ikayamba kugwedera chifukwa guluu wasungunuka, dikirani ziume, palani guluu wakale, ikani guluu woyera wa matabwa, mumange ndi chingwe cha ukonde, mupotokole ndi kamtengo mpaka chikoke, musiye usiku wonse. Mzere wakuda umene madzi amasiya pa miyendo umachoka ndi sandipepa ndi mandimu monga tafotokozera.

Za mipando ya utuchi wopanikiza tinene zoona: ikafufuma sibwerera. Chotsani mahinjesi, zogwirira ndi magalasi musunge, zotsalazo zatha. Ndipo musaisandutse nkhuni zophikira, utsi wa guluu wake si wabwino. N'chifukwa chake ife timalangiza achinyamata amene akumanga banja m'dera lofika madzi kuti tebulo laling'ono la thabwa lenileni liposa kabati yaikulu yonyezimira ya utuchi.

Kupewa

Zambiri mwa izi sizifuna ndalama. Ana aluke timphasa ting'onoting'ono ta mlaza toikapo makapu, fulasiki ndi mbale zotentha. Beseni, ndowa ndi chitini chachitsulo zisakhale pathabwa, ndipo ngati ndowa ya madzi akumwa ili ndi kampando kake, yalanipo mbale ya pulasitiki. Madzi akatayika pukutani nthawi yomweyo. Nsalu za pulasitiki zoyala patebulo muzizivundukula kawirikawiri, chifukwa madzi akalowa kunsi kwake satuluka, ndipo mabanga oipitsitsa amene taona anali obisala pansi pa pulasitiki wamaluwa. Pansi pa miyendo ya kabati ndi bedi ikani zidutswa za tayala kapena za patapata wakutha, kuti madzi okolopera ndi chinyezi cha pansi zisakwere. Zitsekerero zachitsulo za mabotolo ayi, zimachita dzimbiri. Kabati italikirane ndi khoma mpata wolowa dzanja. Ndipo mvula isanayambe, kwerani padenga muone misomali ya malata. Dontho limodzi la dzimbiri usiku uliwonse limaononga kuposa ndowa yotayika kamodzi.

Tebulo lathu lija, ntchito yambiri anagwira ndi mdzukulu yemweyo. Poyamba ankaopa ngakhale kuliyandikira. Tinamupatsa sandipepa, tinamuonetsa mizere ya thabwa, ndipo madzulo aliwonse akaweruka kusukulu ankapala, agogo ake aakazi akumufinyira mandimu. Pofika tsiku lopaka vanishi awiriwo anali akuseka limodzi, akutsutsana za amene wasiya tsitsi la bulashi pakona. Zonse zinatidyera mapepala anayi a sandipepa, kachitini kamodzi ka vanishi ndi mandimu a pamtengo wa kuseri kwa nyumba.

Mukaliyang'ana chapambali dzuwa likulowa pawindo, kamkombero kaja kamaonekabe pang'ono. Mayi a kunyumba amati tipalenso. Ife takana, chifukwa thabwa likapalidwa kwambiri limapyapyala, ndipo tebuloli tikufuna lidzafike kwa ana a mwana ameneyu. Wogula mipando uja anadutsanso mwezi watha, anasuzumira pakhomo, n'kuwonjezera mtengo katatu. Tinamupatsa mpando ndi kapu ya tiyi. Mdzukulu wathu anathamanga kukatenga kamphasa ka mlaza, nakaika pansi pa kapuyo mlendo asanaitule.